Chenji pa Buku la Aphungu

Chidindo cha kampani chinkakhala mu mtsuko wa mpunga, chokulungidwa mu sokosi ya malemu bambo Tak. Pa nyumbapo aliyense ankadziwa zimenezo, ndipo aliyense ankadziwanso kuti wopisamo dzanja ndi mmodzi yekha: Mayi Chu Mal-sun, akazi a malemuwo, eni ake a Haeram, fakitale ya zitumbuwa za nsomba kuseri kwa doko la Samcheonpo. Sukulu analekera kalasi yachitatu. Zosainasaina sankazikhulupirira, koma chidindo ankachidziwa. Popanda icho banki situlutsa ngakhale woni imodzi, ndalama yaing'ono kwambiri ya ku Korea.

Tsono m'mawa wina wa mu Januwale, kukuzizira koluma makutu, anapisa dzanja mu mpunga mpaka m'chigongono. Sokosi inalimo. Chidindo munalibe.

Sanakuwe. Wakuba ukamukuwira umamuphunzitsa kuthawa. Anavundikira mtsuko n'kuyamba kuwerenga anthu a m'nyumba. Mdzukulu wawo Ji-u ali kusukulu ku Seoul. Mwana wawo Dong-pil ndi wofewa mutu, inde, koma si wakuba. Mwana woyamwitsa wekha umamudziwa. Watsala ndani? Mtengwa. Eun-sil, wa pa kompyuta uja, wolemba za ndalama za kampani, amene mchimwene wake anagwetsa sitolo ya matayala ku Jinju chaka chatha koma akuyendabe pa galimoto yonyezimira.

Anamupeza mu kaofesi ka pa fakitale. Kunjaku ziwaya ziwiri zikuluzikulu zinali zitayamba kale kuwira, amayi ogwira ntchito akuumba phala la nsomba.

"Iwe make Ji-u, tseka chitseko."

"Mwadzuka bwanji, Amayi?"

"Ndadzuka ndi mpunga wopanda chidindo. Kaya iwe?"

Eun-sil sanakane. Anatsegula chikwama chake, n'kuchitulutsa, n'kuchiika pa tebulo ndi manja awiri.

"Ndinatenga ndine."

"Ukunena ngati watenga supuni."

"Ndimangochibisa, Amayi. Sindinadinde nacho kanthu."

"Kubisira ndani? Makoswe?"

"Afunseni bambo a Ji-u."

"Ndikufunsa iwe, uli pamaso pangawe." Mayi Chu anachitola, n'kuchiyang'ana kunsi ngati inki yake ndi yatsopano. "Achimwene ako ali bwanji ku Jinju? Matayala akugudubuzika?"

Nkhope ya Eun-sil inafiira mpaka m'khosi.

"Nditukwaneni mmene mungafunire. Koma sabata ino yokha musawapatse. Ndapota nanu."

Basi, kwa Mayi Chu mlandu unathera pomwepo. Wakuba akagwidwa amaloza wina, n'chikhalire. Anaika chidindo m'thumba la mkati n'kutuluka osatseka chitseko.

Masana Dong-pil anafika kunyumba ndi mbatata yootcha m'pepala, ikadali yotentha. Anawasendera yekha. Anawasisita mapewa. Kenako anati wa mafuta ophikira wavuta, akufuna zake lero lomwe, ndiye chidindo chikufunika ku banki kanthawi kochepa.

Mbatata ija Mayi Chu anaiona. Mwana wa zaka makumi anayi ndi zisanu sasendera mayi ake mbatata pachabe. Koma mawu a mtengwa anali akadawabaya m'makutu. Mkazi wobwera auze iwo choti achite ndi mwana wawo, m'nyumba mwawo? Anatulutsa chidindo n'kumupatsa.

"Chibwere dzuwa lisanalowe."

Chinabweradi. Chinagona mu mpunga bwinobwino.

Mawa lake anapita kumsika kukayang'ana nsomba, ndipo kumeneko ndi kumene mutu unayamba kuwawa. Mayi Gu, wogulitsa tinsomba touma, mnzawo wokangana naye kuyambira ali atsikana, anawakuwira ali patali.

"Pambukani, pambukani, akudutsa akuluakulu! Lero mwatikumbukira ife osauka?"

"Wadya chiyani iwe m'mawa uno?"

"Ine phala. Inu ndi amene mukudya ndi aphungu. Mkamwini wanga wa maluwa uja wagona mochedwa kulemba nsalu ya pa nkhata yanu ya maluwa. Nkhata yotalika kuposa munthu, mizere itatu! Haeram ikuyamikira aphungu athu a Seol Gwang-tae pa buku lawo latsopano. Ndiye iwe Mal-sun, buku ukaliwerenga chozondoka kapena chowongoka?"

Mayi Chu anaseka nawo, chifukwa pa msika suonetsa kuti chakulasa. Anatukwana tinsomba ta Mayi Gu kuti n'ta chaka chatha, n'kupitirira. Pa geti la msika anakumana ndi wa mafuta uja akutsitsa zigubu. Anawagwadira mwaulemu, n'kunena kuti zake ndi kumapeto kwa mwezi monga mwa nthawi zonse, asadandaule.

"Sunalandire dzulo?"

"Dzulo? Ayi, Amayi. Inu ndikuvutitseni bwanji?"

Anaima pamenepo mphepo ikuwaomba. Ndiye anakumbukira makatoni. Zaka zinayi zapitazo, nyengo ngati yomweyi, kuseri kwa chipinda choziziritsa kunatulukira makatoni asanu a mabuku, lililonse ndi nkhope ya Seol ikumwetulira nyanja. Dong-pil anati anangomupatsa ulere. Dong-pil yemwe amasinza akamawerenga pepala la mankhwala! Mabukuwo anachita nkhungu, ndipo iwo anagulitsa kwa wotola mapepala, pa sikelo.

Anagula manachesi thumba limodzi, atanenerera mpaka wogulitsa kuonjeza awiri kuti achoke, n'kulunjika ku fakitale. Anaponya thumbalo pa tebulo la Eun-sil. Pepani sananene. Manachesi ndiwo anali pepani.

"Yankhula. Koma mwachidule, ndilibe nthawi ya chizungu chako."

Eun-sil anatseka chitseko yekha.

"Lamulo limati kampani isapereke ndalama kwa wandale. Ngakhale woni imodzi. Munthu payekha angathe, ndi ndalama zake, pali malire ake, ndipo zimalembedwa, amakupatsa lisiti. Kampani ayi."

"Ndiye?"

"Ndiye chisankho chikamayandikira amalemba mabuku."

"Seol kulemba buku? Uja ankadya zitumbuwa zanga pa ngolo n'kuiwala kulipira?"

"Kaya amamulembera ndani. Amaitana anthu ku holo. Pakhomo pamakhala bokosi. Uponyamo envulopu, utenga buku, mwathana. Palibe amatsegula pamaso pa anthu, palibe amafunsa."

"Kugula buku si mlandu."

"Buku ndi mawoni 20,000, Amayi. Dzulo ku banki atapa mamiliyoni khumi."

Mayi Chu anakhala pansi. Anatenga nachesi limodzi, kulisenda, osalidya.

"Za kampani?"

"Za kampani. Ndipo kumbuyo kwa envulopu amalemba dzina, kuti mwini phwando adziwe amene wamukumbukira. Tsiku limene a Seol adzaterereke, ofufuza adzayamba ndi maenvulopu omwewo. Adzafunsa ndalama zinachokera kuti. Dzina la mwini kampani ndi lanu. Chidindo chinadinda ndi chanu. Bambo a Ji-u pa mapepala ndi wantchito chabe."

"A Hwang a madzi oundana aja..."

"Eya. Iwo anagawira antchito awo ndalama kuti aliyense apereke m'dzina lake ngati zake. Njira ina, dzenje lomwelo."

Za a Hwang sizinkafunika kulongosola. Aliyense wopita kudoko amadutsa pa geti lawo, la unyolo wa dzimbiri, udzu utamera pamene pankaima malole.

"Nanga chitsiru changachi chikugula chiyani ndi mamiliyoni khumi?"

"Masukulu. Kontirakiti ikutha mwezi wamawa. Theka la zomwe timakazinga zimapita kumeneko, mukudziwa. A Myeong, mlembi wa aphungu, abwera kawiri. Amamwa khofi, kufunsa za moyo wanu, n'kunena kuti komiti ya masukulu ikumana posachedwa. Zokhazo. Ulendo wachiwiri anasiya khadi loitanira ku mwambo wa buku."

Mayi Chu anamuyang'ana nthawi yaitali. Nkhani yoyera bwino imakhala ndi fupa penapake.

"Iwe ukupindulapo chiyani pondiuza?"

"Ndimadya pano, Amayi. Ji-u sukulu yake imachokera m'ziwaya zomwezi."

"Hm. Bwanji sunanene dzulo?"

"Munandipatsa mpata?"

"Usandiyankhe. Idya manachesi."

Madzulo, pa chakudya, anadikira Dong-pil akweze supuni.

"Wa mafuta wakupatsa moni."

Supuni inaima m'malere. Anayang'ana mkazi wake. Mkazi wake anayang'ana mbale ya kimchi, ndiwo za kabichi wowawasa.

"Yang'ana kuno, ine ndi amene ndikuyankhula. Ndalama zanga zili kuti?"

"Zili pabwino. Amayi, inu simukudziwa mmene zinthu zikuyendera masiku ano. Aliyense akupita. A kampani ya Cheongpa, opikisana nafe aja, ndamva akupereka kuposa ife, ndipo masukulu akuwafuna ndi maso ofiira. Tikapanda kuoneka, mwezi wamawa chiwaya chimodzi tizima. Amayi aja akuumba aja mukawauza chiyani?"

"Myeong wakulonjeza?"

"Zinthu zotere salonjeza."

"Walemba penapake?"

"Amayi!"

"Ndiye ukugula nsomba ili m'nyanja. Bambo ako anali ndi zophophonya zawo, koma sanalipirepo katundu asanamuone. Bweretsa ndalamazo."

"Sindibweretsa. Ulendo uno mundikhululukire. Ndikupulumutsa fakitale yanu yomwe."

Anali asanawayankhepo chotero. Mayi Chu anamuyang'ana m'maso, ndipo anadziwa kuti si dyera, ndi mantha. Munthu wamantha sumulanda kanthu m'nyumba, amangokabisa pena. Anatola timitengo tawo todyera n'kupitiriza kudya.

"Chabwino. Ngati ndalama zanga zikupita ku phwando, inenso ndikadye nawo. Make Ji-u, undisitire chijasi chofiirira chija."

Dong-pil anapuma mozama. Anaganiza kuti wapambana. A Myeong nawonso anali atanena kuti zikanakoma eni kampani akanabwera okha.

Loweruka masana holo ya maukwati pafupi ndi siteshoni inali itazingidwa ndi nkhata za maluwa kuyambira pa msewu mpaka pa masitepe, iliyonse ndi nsalu yake ikuuluzika. Mayi Chu anayenda pang'onopang'ono mpaka anapeza yawo. Zilembo za Haeram ankazidziwa, zili pa galimoto. Anatsina duwa limodzi. La pulasitiki. Mkamwini wa Gu adzamva. Nkhata ya Cheongpa inali pakhomo penipeni, yawo cha kumapeto, pafupi ndi poimika njinga. Zimenezonso anazisunga.

Mkati munali mzere wa amuna a majasi akuda: wa simenti, wa mabasi, wa maliro, onse owadziwa. Aliyense dzanja lili pa thumba la pachifuwa ngati akudwala mtima. Ankaweramirana, kusekererana, koma palibe ankayang'ana mnzake m'maso. Kutsogolo kunali tebulo, atsikana awiri, mabuku osanjikizana ngati njerwa, ndi bokosi loyera lokhala ndi kamlomo pamwamba.

Ndipo pa chipilala panali munthu wina. Jekete yotuwa, nsapato zakutha. Sankaweramira aliyense, ndipo aliyense sankamuweramira. Buku analibe. Maso ake ankangotsata maenvulopu, kuchokera m'thumba mpaka m'bokosi. Mayi Chu akhala pa msika zaka makumi asanu, maso oterowo amawadziwa. Anakokera chikwama chawo kutsogolo n'kuchipanira m'khwapa.

"Aaa, Amayi athu! Eni ake a Haeram afika okha!" Anali Myeong, wosalala ngati nsomba yopala mamba, akuwagwira dzanja ndi manja awiri. "Aphungu amanena nthawi zonse kuti anakulira zitumbuwa zanu."

"Amanena zoona. Zina sanalipire."

Myeong anaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkafunira.

Mzere unasuntha. Wa simenti anaponya yake, bokosi linalira ngati mwagwa mwala. Anatenga mabuku awiri n'kulowa. Inafika nthawi yawo. Dong-pil anatulutsa envulopu, yonenepa ngati mtanda wa tofu, chakudya cha soya, anaigwira ndi manja awiri n'kuwerama.

Mayi Chu anaitsomphola. Mmene amatsompholera nsomba yabwino wina asanaione.

"Amayi..."

"Khala chete, ndikugula buku."

Apa ndi pamene anawerengera. Kunyumba Dong-pil akanalimbana nawo. Koma pamaso pa Samcheonpo yense, ndi mwana uti angapotokole dzanja la mayi ake a imvi? Dong-pil anangoima, manja akadali m'malere.

"Iwe mwana, buku ndi zingati?"

Mtsikana wa pa tebulo anamwetulira. "Mungoponya m'bokosimu, Agogo."

"Ndiponye? Ndi kutchalitchi kuno? Ndafunsa mtengo."

Mtsikanayo anayang'ana mnzake. Kuyambira m'mawa palibe anali atafunsa zimenezo. Anatembenuza buku n'kuyang'ana kumbuyo.

"Ndi 20,000, Agogo."

Mayi Chu analinyamula, kuliyeza m'dzanja, kulipatula masamba ndi chala chachikulu.

"Lopyapyala chonchi? Theka ndi zithunzi. Apa akugwira dzanja la munthu, apa akudya, apa akuyang'ana nyanja. Nyanja ndimaiona ulere. Khumi ndi zisanu."

Kumbuyo wina anaphulika kuseka n'kusandutsa chifuwa. Myeong anafika msanga.

"Amayi, Amayi, pano si pa malonda. Ndi chisangalalo, timangosonyezana mtima."

"Ngati si malonda ndipatseni laulere."

"Ha ha, Amayi athu ndi nthabwala..."

"Ndiye ndi malonda. Chabwino, makumi awiri omwewo, poti ndi mwana wa kwathu. Koma mukudula."

Anang'amba envulopu pomwepo. Anthu anaona m'mphepete mwa ndalama zachikasu, zatsopano, zothinana. Zinthu zimenezi aliyense amadziwa kuti zilimo, koma sizionetsedwa, ngati zovala zamkati. Mayi Chu ananyambita chala, kusolola imodzi ya 50,000, kuisisita kuti isamatane ndi inzake, n'kuiika pa tebulo.

"Chenji. Ndi lisiti."

"Agogo, chenji tilibe."

"Sitolo yanji yopanda chenji? Nanga onsewa mumawabwezera chiyani? A simenti aja aponya chimtolo n'kutenga mabuku awiri, ndaona ndi maso angawa. Mwawabera?"

"Amayi, ndapota nanu," Dong-pil ananong'ona. Thukuta linali litatsika mpaka pa kolala.

Pamenepo munthu wa jekete yotuwa uja anachoka pa chipilala n'kuyandikira, maso ali pa envulopu yong'ambika. Mayi Chu anali akumudikira. Anatembenuka n'kumugwira mkono wa jekete.

"Iwe! Ndakuona kalekale. Chilowereni muno maso ali pa matumba a anthu. A Myeong, muli ndi wakuba muno! Itanani alonda!"

Myeong sanaitane aliyense. Nkhope yake inachita ngati phala lozizira.

Munthuyo sanalimbane. Ndi dzanja linalo anasolola khadi lopachika pa chingwe m'kati mwa jekete.

"Ndachokera ku ofesi yoona za zisankho, Amayi. Timayendera miyambo ngati iyi."

Mu mzere monse manja anatsika kuchoka pa zifuwa. Wa mabasi anakumbukira kuti foni yake ikulira n'kutuluka nayo panja, isakulira.

Mayi Chu sanamusiye msanga. Anayang'ana khadi, kuyang'ana nkhope, kuyang'ananso khadi.

"Khadi aliyense angasindikize."

"N'zoona, Amayi."

"Boma silikugulira nsapato?"

"Likuganizirabe." Anatembenukira ku tebulo. "Amayiwa agula buku, akufunsa chenji ndi lisiti. Sindikuonapo chovuta. Kapena chilipo?"

"Palibe, palibe," anatero Myeong. Anapisa m'thumba la kumbuyo, kutulutsa chikwama chake, kuwerenga zitatu za 10,000. Buku la malisiti panalibe. Anang'amba pepala la ndondomeko ya mwambo n'kulemba kuseri kwake, akumwetulira ndi mano okha.

"Dinda," anatero Mayi Chu.

"Chidindo sindinayende nacho, Amayi."

"Saina tsono. Make Ji-u akawerenga, ukanama ndibweranso."

Wa jekete yotuwa anali akuyang'anabe envulopu. Kumbuyo kwake kunali dzina la Haeram, lolembedwa ndi dzanja la Dong-pil.

"Ndalama zambiri chonchi mumangoyenda nazo, Amayi?"

"Ndi za mafuta ophikira. Funsani mwana wangayu, ndi amene anakatapa."

Munthuyo anayang'ana Dong-pil. Dong-pil anayang'ana nsapato zake.

"Ndi za mafuta," anatero.

"Ndiye muzisunge bwino. Muno mwadzaza anthu."

Mayi Chu anaika envulopu m'chikwama, chenji m'thumba, buku m'khwapa. Mkati mwa holo anthu anali atayamba kuomba m'manja, aphungu akukwera pa nsanja. Iwo sanalowe. Akutuluka anamva Myeong akuuza Dong-pil motsitsa mawu, mwaulemu wonse: "Mayi anu ndi athanzi ndithu. Muziwasamala."

Anakwera galimoto n'kulunjika kudoko. Pomwe ankadutsa pa geti la a Hwang, Dong-pil anamenya chiwongolero.

"Mwatipha! Mukudziwa zimenezo? Mwatipha pamaso pa anthu onse!"

"Yang'ana msewu."

Lolemba anapita okha ku banki, ndi Eun-sil pambali, kukabweza ndalama zonse. Ya buku ija anaonjezera ya m'thumba mwawo, kuti buku likhale logula iwo, osati kampani. Zimenezo anawauza ndi Eun-sil, ndipo anamvera, ngakhale anang'ung'udza njira yonse.

Mu Febuluwale yankho linabwera. Masukulu apita kwa Cheongpa.

Dong-pil anati si ndinanena. Eun-sil anati mtengo wa Cheongpa unali wotsikirapo pang'ono, mwina akanapambanabe. Mayi Gu anati wamva kuti Myeong komiti imeneyo sailowa n'komwe, amangoyenda m'makampani onse kugulitsa mvula: ikagwa ndi yake, ikapanda kugwa simunapereke zokwanira. Choona ndi chiti? Mayi Chu anakayikira onse atatu. Palibe anabwera kudzamanga aliyense. Nkhope ya Seol inakwera pa nsalu zikuluzikulu m'misewu, ikumwetulira monga kale, ndipo wa simenti anapeza ntchito ya mlatho.

Chiwaya chimodzi chinazimadi. Amayi atatu ogwira ntchito anayenera kupita, ndipo Mayi Chu anakawauza okha, m'maso muli gwa, chifukwa ntchito yotere sutuma mwana. Awiri analira. Wachitatu, amene anayamba nawo kalekale pa ngolo, anavula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Buku lija likomeni, abwana." Mpaka lero akakumana pa msika amayang'ana kumbali. Chimenecho chinawawa kuposa masukulu.

Dong-pil anasiya kuyankhula nawo. Ankadya nkhope ili ku wailesi ya kanema. Mbatata sinabwerenso.

Iwo anachita chimene amadziwa. Anabwereka malo pa msika, pafupi ndi Mayi Gu, kuika mphika wa msuzi ndi zitumbuwa zobaya pa timitengo, monga zaka za kale. Maondo ankadandaula, koma anthu odikira basi ankagula. Tebulo lake linali lotsimphina mwendo umodzi, ndipo buku la aphungu linalowa pansi pake ndendende.

"Ukuwerenga ndi mwendo tsopano?" anakuwa Mayi Gu.

"Uuze mkamwini wako andibwezere za maluwa a pulasitiki, kenako tikambe."

Tsiku lina Eun-sil anabwera pa msika ndi mapepala a malipiro a antchito otsalawo, kuti adinde. Mayi Chu anapukuta manja, kutulutsa sokosi m'thumba la mkati, pakuti mu mpunga anali atasiya kusungamo. Anadinda. Anakulunganso chidindo mu sokosi, n'kukhala nacho m'manja kanthawi, akuyang'ana mtengwa wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wabweranso Myeong?"

"Ayi, Amayi. Koma mlembi wa chipani china anaimba foni dzulo. Akuti nawonso bwana wawo anali ndi buku, makope atsala."

"Dong-pil wati chiyani?"

"Sanayankhe kanthu. Koma nambala analemba."

Mayi Chu anatukwana chapansipansi. Mwana ndi wawo, ndipo amamudziwa: akadzabweranso ndi mbatata yotentha, n'kuwasisita mapewa, atatopa ndi kusayankhulana, sankadziwa ngati dzanja lawo lidzakana. Anatambasula dzanja lomwe linali ndi sokosi ija.

"Tenga."

Eun-sil sanatambasule manja. "Amayi?"

"Wagontha? Tenga, mkono ukundiwawa. Iweyo mwamuna wako sakusendera mbatata. Akachifuna, umuuze abwere ndi wa mafuta yemweyo, ndi zigubu zake."

Eun-sil anachilandira ndi manja awiri, n'kuwerama. Anafuna kunena kanthu, koma Mayi Chu anamudula.

"Usandithokoze, sindinakupatse. Lolemba lililonse uzibwera nacho ndichione. Ndipo achimwene ako a ku Jinju ndikangomva kuti agula matayala atsopano, ndikuuza, ndikakwera basi."

"Ndamva, Amayi."

"Ndiye waimiranji? Ukunditchingira makasitomala. Tenga ziwiri izi ukamupatse mwamuna wako, zikadali zotentha. Usamuuze kuti zachokera kwa ine."

"Akazilawa adziwa."

"Adziwe yekha. Pita."